Kachikopa kamene kamaletsa pampu kupyola muyeso

Papita masiku ndisanalembe. Teremu ino yandithina, ndipo makope a Fomu 3 akadali mulu patebulo kudikira bolopeni yofiira. Koma pali nkhani imene yakana kuchoka m'mutu mwanga, ndiye ndati bola ndiitule pano. Ndi nkhani ya kachipangizo kosaposa chibakera cha munthu wamkulu, kamene pa Chingerezi amati vacuum regulator. Amene munathawa Physics musatseke tsamba lino msanga. Masamu alimo pang'ono chabe, ndipo ndiwerengera ndine.

Tiyambe ndi liwu limene limativuta ife aphunzitsi a sayansi chaka ndi chaka: kukoka. Mwana akamamwa thobwa ndi kapaipi timati akukoka. Pampu ikamatunga madzi timati ikukoka. Pachichewa palibe cholakwika, ndipo ine sindikuti tisinthe kayankhulidwe. Koma chimene chimachitika si kukoka ayi, ndi kukankha. Mwanayo amangochepetsa mpweya m'kamwa mwake, basi. Mpweya wa panja, umene wakanikiza pamwamba pa thobwa m'kapumo, ndi umene umalikankhira m'kapaipi. Malo amene mwachepa mpweya, amene timawatcha vakyumu, alibe dzanja loti n'kukoka nalo chinthu. Ntchito yonse imagwiridwa ndi mpweya umene watizungulirawu.

Ndipo mpweyawo si wamasewera. M'mbali mwa nyanja yamchere umakanikiza ndi pulesha ya 101 kPa, kapena 760 mmHg tikayeza monga amayezera achipatala. Kunena kwina, kabwalo kalikonse ka sentimita imodzi mbali zonse kasenza pafupifupi kilogalamu imodzi. Pachikhatho panu pokha pakhala kulemera koposa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Simukumva kanthu chifukwa kuseri kwa dzanjalo nako ukukankha chimodzimodzi, ndipo m'kati mwa thupi muli pulesha yobwezera. Evangelista Torricelli wa ku Italy ndiye anasonyeza izi mu 1643 ndi chubu cha galasi chodzaza mercury, ndipo m'zaka za m'ma 1650 Otto von Guericke wa ku Magdeburg analumikiza mabeseni awiri a mkuwa, n'kupopa mpweya m'kati mwake, akavalo n'kulephera kuwalekanitsa. Ana amaikonda nkhani ya akavaloyi. Amaikumbukira ngakhale ataiwala fomula.

Alimi a kudimba amadziwa chinthu chomwechi popanda kumva za Torricelli. Pampu yopalasa ndi miyendo ija imasiya kubweretsa madzi chitsime chikazama kupitirira mamita 7 kapena kuyandikira pamenepo, ngakhale wopalasayo akhale wamphamvu chotani. Chifukwa chake n'chakuti amene akukweza madziwo si iye, ndi mpweya, ndipo mphamvu ya mpweya imathera pa mamita 10 ngakhale pampuyo ikhale yopanda chilema. N'chifukwa chake mjigo wa Afridev, umene unayambira konkuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, uli ndi silinda yake pansi m'madzi momwemo. Sudalira mpweya, umakankha madzi kuchokera pansi.

Tsono vuto lili apa. Pampu ya vakyumu ilibe manyazi. Mukaiyatsa imangochotsa mpweya mpaka pamene mphamvu yake yathera. Koma ntchito zambiri zimene timafunira vakyumu sizifuna yochuluka, zimafuna yoyenera, komanso yosasinthasintha.

Ine ndinazionera izi kuchipatala, pamene ndinali gadiyani wa malume anga atadwala sitiroko. Ankalephera kumeza bwinobwino ndipo makhololo ankawatsekera kummero. Anamwino ankabwera ndi makina a pa kangolo, okhala ndi botolo, geji ndi kagudumu kopotokola. Chimene chinandikopa maso ndi ichi: asanaike kapaipi m'kamwa mwa wodwala, anamwinowo ankapinda paipi ndi zala, n'kuyang'ana geji, n'kupotokola kagudumu pang'ono, kenaka n'kusiya. Tsiku lachitatu chidwi chinandikulira.

“Pepani a nesi, bwanji mumayamba mwapinda paipiyo?”

“Bambo, ikakhala yotsegula geji imanama,” anatero, osacheuka n'komwe. Analibe nthawi ya kalasi, ndipo sindinawafunsenso. Koma mawu awiri amenewo, geji imanama, ndi Physics yokwanira ma piriyodi atatu.

Pampu ya makina ngati amenewo imatha kufika 500 mmHg ndi kupitirira. Pochotsa makhololo m'kholingo mwa munthu wamkulu, mabuku a unamwino amanena za 100 mpaka 150 mmHg. Kwa khanda longobadwa kumene ndi 80 mpaka 100, ndipo masiku ano amalangiza kuti khandalo lisamayamwidwe mamina mwachizolowezi pokhapokha ngati njira ya mpweya yatsekekadi. Vakyumu ikapyola, nsonga ya kapaipi imamatirira ku mnofu wofewa wa kummero n'kuusupula, magazi n'kutuluka. Imachotsanso mpweya umene mapapo akuufuna, ndipo kwa khanda mtima umatha kuyamba kugunda pang'onopang'ono. Ikachepa, makhololo sachoka ndipo munthu akubanika mukuona. Pakati pa pampu yopanda manyazi ija ndi mmero wa wodwala payenera kukhala chinthu chodziwa kunena kuti pakwana. Makina ena otchipa amangokhala ndi kabowo kolowetsa mpweya kamene mumakulitsa kapena kuchepetsa ndi dzanja. Koma regulator yeniyeni, monga zimene zimalumikizidwa pakhoma m'zipatala zokhala ndi mapaipi a vakyumu, imadzilamulira yokha, ndipo mtima wake ndi kachikopa.

Ganizirani ng'oma yaing'ono. Chikopa chake n'cha labala wofewa, chimene amisiri amati diaphragm. Kunja kwa chikopacho kuli mpweya wamba, umene umafikako kudzera pa kabowo kakang'ono ka pachivundikiro. M'kati mwa ng'omayo ndi mmene muli vakyumu imene tikufuna kuilamulira, yolumikizana ndi paipi yopita kwa wodwala. Pakati pa chikopacho pamangiriridwa kandodo, ndipo kandodoko kamatsegula kapena kutseka valavu ya njira yopita ku pampu. Chotsala ndi sipuling'i, imene imalimbana ndi chikopacho kuti valavu ikhale yotsegula. Zida zake n'zomwezo: chikopa, valavu, sipuling'i. Mulibe batire, mulibe waya, ndipo magetsi akazima regulator siidziwa n'komwe, ngakhale pampu ndiye imaima.

Mukayatsa, valavu ili yotsegula chifukwa cha sipuling'i. Pampu iyamba kuchotsa mpweya m'ng'omamo. M'kati pulesha ikutsika, kunja sinasinthe, ndiye mpweya wa panja uyamba kukankhira chikopa m'kati. Chikopa chikamalowa, kandodo kakukankha valavu kuti itseke. Pamafika poti kukankha kwa mpweya kwalingana ndi mphamvu ya sipuling'i, ndipo pamenepo zinthu zimaima. Ngati kumapeto kwa paipi sikukulowa kanthu, valavu imatsekeratu, pampu n'kumangolira yokha kuseri kwa chitseko. Mpweya ukalowa pang'ono kuchokera kwa wodwala, vakyumu imafooka, sipuling'i imapambana pang'ono, valavu imatseguka pang'ono, pampu n'kuchotsa mpweya walowawo. Zonsezi zimachitika mofulumira kuposa kuphethira kwa diso, ndipo nthawi zambiri valavuyo siikhala yotseka kapena yotsegula kwenikweni, imangoyandama penapake pakati.

Kagudumu kamene anamwino ankapotokola kaja sikagwira valavu ayi. Kamangolimbitsa kapena kufewetsa sipuling'i. Mukailimbitsa, pafunika vakyumu yokulirapo kuti chikopa chiigonjetse, ndiye muyeso wakwera. Apa ndi pamene pasiyana regulator ndi mpopi wa madzi. Pampopi inu mumasankha kukula kwa bowo, ndipo zotuluka zimadalira mphamvu ya madzi tsiku limenelo. Pa regulator mumasankha zotsatira zimene mukufuna, kukula kwa bowo imasankha yokha.

Tsopano masamu ndinalonjeza aja. Tinene kuti chikopa n'chotambalala masentimita 5. Malo ake ndi pafupifupi 20 cm². Vakyumu ya 100 mmHg ndi 13.3 kPa. Mphamvu ndi pulesha kuchulukitsa ndi malo, ndiye tipeza ma newton pafupifupi 27, kulemera kwa makilogalamu 2.7, ngati mapaketi a shuga awiri ndi lachitatu lotapulidwa pang'ono. Vakyumu ikangokwera kufika 110, mphamvuyo yawonjezeka ndi magalamu ngati 270. Chala chanu sichingamve kusiyana kwa 100 ndi 110 pa kabowo ka paipi, koma chikopa chimakumva bwino lomwe chifukwa chikusonkhanitsa kukankha kwa mpweya pamalo aakulu. Chikopa chikakula, regulator imamva msanga. Mukaona regulator yaikulu mutu ngati mbale ya nsima, dziwani kuti inapangidwira mapulesha aang'ono kwambiri. Fomula ija ya P = F/A, imene ana amaloweza usiku woti mawa mayeso, ntchito yake ndi imeneyi.

Nanga geji imanama bwanji? Apa ndi pamene nkhani imakoma. Sipuling'i siikankha ndi mphamvu imodzimodzi nthawi zonse. Robert Hooke anafalitsa lamulo lake mu 1678: mphamvu ya sipuling'i imatsatira kutalika kumene mwaipanikiza kapena kuitamula. Kuti valavu itseguke kwambiri, chikopa chiyenera kusuntha mtunda wokulirapo, sipuling'i imamasuka pang'ono, ndipo mphamvu yake imatsika. Sipuling'i yofooka imalingana ndi vakyumu yocheperapo. Choncho paipi ikakhala yotsegula, mpweya ukulowa mwaufulu, geji imaonetsa nambala yotsika kuposa muyeso weniweni, ndipo ngati mpweya wolowawo wachuluka kuposa umene njira ya ku pampu ingathe kumeza, singano ya geji imagweratu pansi. Munthu wosadziwa akaona nambala yotsikayo amapotokola kagudumu kuti ifike 100. Ndiye kapaipi kakangokhudza makhololo n'kutsekeka, vakyumu imalumpha kupita kumene sipuling'i yolimbitsidwa ija ikulamula, mwina kawiri kuposa zimene amafuna. Kupinda paipi ndi kufunsa makinawo kuti, zitavuta kwambiri, ufika pati? Yankho lake ndi limene liyenera kuikidwa pa muyeso. Ndiponso, magadiyani anzanga, kagudumu kameneko si ka wailesi. Tisamakagwire anamwino akatuluka.

Nditabwerera kusukulu ndinafuna kuti ana achione chinthuchi ndi maso. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Labu yathu, monga mudziwa ma labu ambiri a ku CDSS, ndi kabati imodzi yokhoma ndi loko. Ndiye ndinatenga botolo lolimba la chiponde, lija la kukamwa kwakukulu. Kukamwa kwake ndinakutako baluni yodula n'kumanga ndi labala wa chubu cha njinga. M'mbali ndinaboola mabowo atatu. Bowo loyamba ndinalowetsamo kapaipi kopindikira m'mwamba, kunsonga kwake n'kuikako chubu cha bolopeni yotha, kukamwa kwa chubucho kutatsala pang'ono kugunda baluni kuchokera pansi. Bowo lachiwiri linapita ku paipi yoonekera m'kati yopindidwa ngati chilembo cha U, yothiramo madzi ofiiritsa ndi juwisi wa paketi, n'kuikhomera pa thabwa pambali pa rula. Imeneyo ndiye geji yathu; masentimita 10 a madzi ndi pafupifupi 1 kPa. Bowo lachitatu, laling'ono ngati la msomali, ndiye wodwala wathu. Pakati pa baluni ndinatsinapo n'kumanga ulusi, ulusiwo n'kulumikiza ku kalabala komangira ndalama, kalabalako n'kukoleka pa kamtengo kopingasa pamwamba. Pampu ndinali ine ndemwe, ndi pakamwa panga.

Ndinauza mtsikana wina atseke bowo la wodwala ndi chala, ine n'kuyamba kuyamwa. Madzi ofiira anakwera, anakwera, kusiyana kwa mbali ziwirizo kufika masentimita ngati 15, n'kuima. Ndinayamwa mpaka masaya kulowa m'kati, misempha ya m'khosi kutuluka, kalasi yonse ili m'manja ndi phwete, koma madzi osasuntha. Baluni inali itatsika n'kutseka kukamwa kwa chubu cha bolopeni. Mnyamata wina wa kumbuyo, mmodzi mwa aja amakhala chete chaka chonse, anati, “Sala, ndiye kuti mukamalimbikira m'pamene ikukutsekerani kwambiri?” Ndinalephera kuyankha msanga chifukwa paipi inali m'kamwa, koma mtima unadumpha. Mainjiniya amalemba mabuku athunthu pa ganizo limenelo, lakuti chotsatira cha ntchito chibwerere kukaletsa chimene chikuyambitsa ntchitoyo. Ndi nzeru yomwe ija ya kampira koyandama m'thanki ya chimbudzi chogejemula, komanso ya zibulumwa ziwiri zozungulira zimene James Watt anaika pa injini ya nthunzi mu 1788.

Tinakulunga kalabala kawiri pa kamtengo kuti kalimbe, muyeso unakwera kupyola masentimita 20. Mtsikana uja atachotsa chala pa bowo, madzi anatsika pang'ono, ndendende monga geji ya kuchipatala ija. Kenaka panachitika china chimene chinatipatsa phunziro laulere. Baluni inayamba kulira ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo. Inali kutseka ndi kutsegula mofulumira kwambiri. Chifukwa chake n'chakuti ikatseka kukamwa kwa chubu, kachigawo kakang'ono ka baluni kamene kali pa bowolo kamamva vakyumu yonse ya pampu osati ya m'botolo, ndiye kamamatirira pang'ono, kenaka n'kumatuka mwadzidzidzi, n'kupyola, n'kubwereranso. Ma regulator enieni nawo amadwala matenda omwewa, ndipo amisiri amalimbana nawo pochepetsa bowo la valavu poyerekeza ndi kukula kwa chikopa, kapena kupanikiza kanjira ka mpweya wopita ku chikopa kuti chisamadzidzimuke. Ife tinasintha chubu n'kuika chopyapyala cha m'kati mwa bolopeni, chija mumakhala inki, titachitsuka, ndipo njuchi ija inachepetsa phokoso.

Pali mtundu wina wa regulator umene sutseka njira ya ku pampu konse. M'malo mwake umatsegula khomo loti mpweya wa panja ulowe vakyumu ikapyola. Umenewu ndi umene uli pa makina okamira mkaka. Alimi athu ambiri a ng'ombe za mkaka ku Thyolo, ku Chiradzulu ndi madera ena amakama ndi manja, koma kumene kuli makina, pampu imayenda mosalekeza ndipo vakyumu iyenera kukhala pakati pa 40 ndi 50 kPa, malinga ndi mmene mapaipi anayalidwira. Ikakwera, nsonga za mawere a ng'ombe zimavulala, majeremusi amapeza polowera ndipo bere limatupa. Ikatsika, makapu okamira amagwa pansi n'kuyamwa ndowe. Tsono taganizani, wokama akamachotsa makapu pa ng'ombe iyi kuika pa ina, mpweya umalowa wambiri mwadzidzidzi. Regulator, imene nthawi yonseyi inali kulowetsa mpweya mwadala, imachepetsa khomo lake nthawi yomweyo, ndipo ng'ombe zina zimene zili pamzere sizimva kusintha. Zimaoneka ngati kuwononga, kuyendetsa pampu yaikulu kenaka n'kumaibowolera dala. Koma mpweya wotayidwawo ndi nkhokwe. Tsiku limene regulator ya m'khola yasiya kulira, mlimi adziwe kuti pampu yake ilibenso mphamvu yapadera, mwina yatopa kapena penapake pakudontha.

Ambiri a inu simudzagwira makina a mkaka kapena a kuchipatala, koma m'bale wake wa chipangizochi walowa kale m'makhitchini a m'tauni, pamene anthu akusiya makala n'kugula gasi. Kachinthu kamene mumamanga pamutu pa silinda kaja m'kati mwake ndi momwemo: chikopa, valavu, sipuling'i. Kusiyana n'kwakuti kagwiridwe kake n'kotembenuza. M'silinda gasi ali ndi pulesha yoposa ya mpweya wa panja kangapo, ndipo imasintha ndi kutentha kwa tsikulo, pamene chitofu chimafuna kapulesha kakang'ono ka pafupifupi 3 kPa. Gasi akachuluka kumbali ya chitofu amakankhira chikopa kunja, valavu n'kutseka. Mukaitembenuza regulator yanu muona kabowo kakang'ono pa chivundikiro. Anthu ena amakamata ndi selotepi poganiza kuti gasi athawirapo. Musatero. Pamenepo ndi pamene chikopa chimapumira, ndipo popanda kabowoko sichidziwa pulesha ya panja imene chikuyerekeza nayo. Ngati pakabowoko pakumveka fungo la gasi, ndiye kuti chikopa chang'ambika. Zikatero tsekani silinda, tsegulani mawindo, mukagule regulator ina. Si chinthu chomata ndi guluu kwa amisiri a mawailesi.

Kung'ambika kwa chikopa n'koopsanso kumbali ya vakyumu, ndipo kuopsa kwake n'kwakachetechete. Chikabooka, mbali ziwiri zija zimayamba kulingana, sichimvanso kusiyana, ndipo sipuling'i imatsala yopanda wolimbana nayo. Valavu imakhala yotsegula. Chimodzimodzi ngati madzi a m'botolo la makhololo asefukira n'kukauma pa valavu: siitseka bwino, ndipo singano ya geji imangokwawa kukwera pang'onopang'ono paipi ikatsekedwa. N'chifukwa chake botolo lija lili ndi kampira koyandama kotseka njira likadzaza, komanso sefa patsogolo pake. Labala naye amakalamba, makamaka kuno kotentha. Amauma, amachita ming'alu. Kachikopa ka mtengo wochepa kangathe kugoneka makina a ndalama zambiri pakona ya wodi kwa chaka, chifukwa wopereka makinawo sanaganize zopereka ndi zosinthira. Apa ndisapitirire, ndingayambe ndale.

Chimene chimandiwawa monga mphunzitsi ndi ichi. M'kalasi iliyonse ya Fomu 3 imene ndimaphunzitsa muli anamwino a mawa, amakaniko, oyang'anira makina a m'mafakitale, ndi amayi ndi abambo amene adzaphikire pa gasi. Mutu wa pulesha timauthamangitsa m'masabata awiri kuti timalize silabasi. Pamayeso a MSCE mwana amapeza malikisi onse powerengera pulesha ya njerwa imene yagonekedwa patebulo, koma ukamufunsa chifukwa chimene sirinji imabwerera yokha ukatseka nsonga n'kukoka, amayang'ana kudenga. Si kulakwa kwa mwanayo. Njerwa ya pa bolodi siichita kanthu, ili pheee. Regulator imachita kanthu, imaoneka ngati ikuganiza, ndipo m'kati mwake muli mitu itatu ya silabasi yomweyo, pulesha, lamulo la Hooke ndi kulingana kwa mphamvu, imene timaphunzitsa miyezi yosiyana ngati kuti siidziwana. Anzanga a Biology nawo ali ndi botolo lawo la mabaluni awiri losonyeza mmene mnofu wa pansi pa mapapo umatsikira kuti mpweya ulowe. Dzina la mnofuwo pa Chingerezi ndi lomwelo, diaphragm. Koma kumeneko mnofu ndi umene umapanga vakyumu, pamene mu regulator chikopa chimangoimva n'kuyankha. Ana ochenjera amasokoneza ziwirizi, ndipo ndimakondwa akasokoneza, chifukwa zikusonyeza kuti ayamba kulumikiza zinthu.

Ndisanaiwale, pali funso limene mnzanga wa Geography anandiponyera mu sitafurumu titamaliza tiyi. Iye anati, popeza mpweya umapepuka munthu akamakwera mapiri, regulator yoikidwa pa 100 mmHg ku Nsanje ikapita ku Dedza siisokonekera? Funso labwino. Ku Nsanje, kumene kuli pafupi kulingana ndi nyanja yamchere, mpweya uli pafupifupi 100 kPa. Ku Lilongwe, pa mamita ngati 1,050, watsikira cha m'ma 89. Ku Dedza, pa mamita ngati 1,600, uli cha m'ma 83, ndipo pa Sapitwa, mamita 3,002, watsala pafupifupi 70. Koma chikopa sichiyeza pulesha kuchokera pa ziro. Chimayeza kusiyana kwa mbali zake ziwiri, ndipo mbali imodzi ndi mpweya wa pamalo pomwepo. Mmero wa wodwala nawonso uli mu mpweya womwewo. Ndiye 100 ya ku Nsanje ndi 100 ya ku Dedza zimagwira mnofu mofanana. Chimene chimasintha ndi denga la pampu: ku Dedza ngakhale pampu yabwino chotani singapyole 83 kPa, chifukwa sungachotse mpweya umene kulibe.

Koma pali ntchito zina zimene kusiyana kokha sikukwanira. Madzi amawira malinga ndi pulesha yeniyeni imene ili pamwamba pake, kuwerengera kuchokera pa ziro. Ku Lilongwe amawira pa madigiri 96 kapena 97, osati 100 ya m'buku, ndipo ana amene amayeza n'kupeza 96 amafufuta n'kulemba 100 poopa kulakwa. Mafakitale a shuga, monga a ku Nchalo ndi ku Dwangwa, amadalira khalidwe lomweli. Madzi a nzimbe amawiritsidwa m'miphika yotsekedwa imene achotsamo mpweya, kuti awire pa kutentha kochepa, cha m'ma 60 mpaka 70, shuga asapserere n'kuda. Njira imeneyi anaiyambitsa Edward Howard ku England mu 1813. Pantchito ngati imeneyo, kaya mu labu yosungunula mankhwala, chipangizo choyerekeza ndi mpweya wa panja chimasocheretsa pang'ono nyengo ikasintha kapena mukasamuka nacho kukwera phiri. Pamafunika choyezera chimene kuseri kwa chikopa chake kuli kachipinda kotsekeratu kopanda mpweya, kuti poyambira pake pasamasunthe.

Funso limeneli ndalipereka kwa a Fomu 3 kuti akaliganizire pa wikendi, koma ndalitembenuza pang'ono. Ndawafunsa kuti botolo lathu la chiponde lija, titalinyamula osasintha kalabala n'kukwera nalo pa Mulanje, madzi ofiira adzaima pa masentimita angati. Theka la kalasi likuti adzatsika, ena akuti adzakwera, ndipo mnyamata wa kumbuyo uja wati sasintha koma ine ndidzatopa msanga kuyamwa. Inu amene mwawerenga mpaka pano yankho muli nalo kale, koma ngati muli ndi mwana wa Fomu 3 kunyumba musamuuze lisanafike Lolemba.